Seva Yosazimitsa

Lolemba, 14 Malichi 2022

Mvula yagwa m'mawa, yakata cha m'ma 9. Odwala ochepa, ambiri ali ku mpunga ku Bwanje.

Steven wa ku ofesi ya kuboma waponya uthenga pa gulu lathu la makalaliki a zipatala. Akuti mu kenelo ya Linux mwapezeka bowo. Kenelo ndi ija imakhala pansi pa zonse mu seva, yogamula kuti uyu awone izi, uyu asawone. Tsono ndi bowoli, aliyense wokhala ndi akaunti wamba, ngakhale yongolembera sikelo ya ana, atha kudzisandutsa mwini wake wa seva yonse. Kapulogalamu kochitira zimenezo kali kale pa intaneti, kaulere.

Ndawerenga maakaunti athu. Khumi ndi anayi. Mbali ya ma ARV timaloledwa atatu okha: ine, anamwino a Fagness, ndi a Saulosi, mkulu wa chipatala chino. Enawo ndi anthu abwinobwino, koma ndi a konkuno. Wina ndi mlamu wa wakuti, wina amayimba kwaya ndi wakuti.

Achemwali anga a Felesita ali m'kaundula wa ma ARV ameneyu. Zaka zitatu ankakwera minibasi kukatengera mankhwala ku Salima kuti asadziwike. Ngakhale amayi sadziwa. Ndine ndinawanyengerera chaka chatha kuti asamukire kuno, ndipo ndinachita kulumbira kuti kompyuta si munthu, ilibe pakamwa. Mtima wanga sunakhale m'malo tsiku lonse.

Lachiwiri, 15 Malichi

Netiweki ya kuno, Mulungu atithandize. Foni ndinaimangirira pa zenera la chipinda cha seva ndi kachingwe ka bandeji, poti imangogwira pamenepo. Chigamba cha bowo lija, chomwe amati apudeti, chatenga maola atatu kutsika. Chinaduka kawiri. Kachitatu chinatha bwino, popanda mawu ofiira osonyeza vuto.

Ndinakauza a Saulosi kuti zatheka. Anangofunsa chinthu chimodzi, ngati ndinaizimitsa sevayo. Ndinati ayi. Anati ndiye basi, zikomo.

Madzulo ndadutsira kwa achemwali F., ndawapeza akusita yunifomu ya kwaya. Sindinanene kanthu, nanga nkunenanji zinthu zatha kale.

Lachitatu, 16 Malichi

Zii. A Fagness andipatsa mondokwa ziwiri.

Lachinayi, 17 Malichi

Manyazi andigwira lero.

Steven anayimba, akuzungulira zipatala zonse pa foni. Anati ndilembe lamulo loti uname -r mu seva ndimuwerengere nambala ya kenelo. Nditawerenga anaseka, kenako anasiya kuseka. Nambala yake ndi yakale ija. Akuti kenelo yatsopano imangokhala pa disiki kudikira, siyamba ntchito mpaka seva itazimitsidwa ndi kuyatsidwanso. Chigamba chili m'thumba, buluku likadali long'ambika. Kusukulu tinaphunzira zimenezi, ine ndi mutu wangawu.

Vuto ndi pepala lija. Pa seva pathu panamatidwa pepala lolembedwa ndi maka, OSAZIMITSA, losainidwa ndi a Saulosi. Ma sola ndi mabatire onse aja amateteza lamulo limeneli. Seva yayaka masiku 402 osapuma, ndipo a Saulosi amanyadira nambala imeneyi kwa alendo.

Nkhani yake andiuza a Fagness, poti ine ndinali ndisanabwere. Inazimapo kamodzi, osadzukanso. Inakatha milungu itatu kuboma. Nthawi yonseyo ankagwiritsa ntchito makadi a mapepala, atawaunjika pa tebulo pakhonde, mayina ali poyera. Wina amene anabwera ndi malungo anawerenga dzina la mkazi wa mnzake. Banja linatha, mayiyo anabwerera kwawo ku Ntcheu. A Saulosi mpaka lero amati mlandu ndi wawo.

Ndiye nditapita kukapepesa ndi kupempha kuti tiizimitse, anakana mofatsa. Akuti tidikire Steven abwere yekha kumapeto kwa mwezi, galimoto ikapeza mafuta. Akuti bowo langalo sanalionepo, koma makadi pakhonde anawaona ndi maso awo.

Sindikuwada. Tonse tikuopa chinthu chimodzi. Mawa ndi tsiku la kiliniki ya ma ARV.

Lachisanu, 18 Malichi

Achemwali F. anabwera cha m'ma 10, analowera khomo lakuseri monga mwa masiku onse. Tinapatsana moni ngati anthu ongodziwana kutchalitchi. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Kiliniki itatha ndinapempha Steven chilolezo choyesa bowolo pamaso pa a Saulosi. Anavomera, anatumiza kapulogalamu koyesera. Ndinabwereka akaunti ya Namaliya, mlangizi wa zaumoyo, iye ali pomwepo. Akaunti yake imangolemba katemera ndi sikelo basi. Sipanathe ndi mphindi yomwe. Kachizindikiro ka $ kanasanduka #, kutanthauza kuti seva ikumuona ngati mwini wake.

Ndinati, "Panopa Namaliya atha kutsegula dzina lililonse la odwala a ma ARV."

Namaliya anabisa manja kumbuyo, ati iye zimenezo asamuikemo.

A Saulosi anavula magalasi. Anafunsa kuti zakhala chonchi kuyambira liti. Ndinawauza zomwe Steven ananena, kuti kuyambira tsiku lomwe seva inabwerako kuboma. Masiku onse 402 aja.

Kutchalitchi belu la Njira ya Mtanda linalira, a Saulosi sanadzuke. Kenako anati tiizimitse mawa, chipatala chikatseka masana, ndipo akhalapo okha.

Loweruka, 19 Malichi

Ndakopera zonse pa ma disiki awiri, imodzi a Saulosi anaiika m'thumba la malaya. Pepala lija anamatula okha, pang'onopang'ono, analipinda. Ine ndinanyamula sikirini ndi kiyibodi za polembetsera odwala nkulumikiza ku seva. Chibwerereni ine sinakhalepo ndi sikirini yakeyake, timangoilowera kudzera pa makompyuta ena.

Ndinalemba lamulo loizimitsa ndi kuiyatsanso, ndinadina. Mafani analeka kulira. Chipinda chija sindinachimvepo chili chete choncho. A Fagness anayamba Tikuoneni Maria chapansipansi.

Inayaka, nkuima. Mdima, ndi mizere iwiri yoyera. Nditawerenga bwino, imangonena kuti kabatire kosunga nthawi kanatha, dinani batani la F1 kuti tipitirize. Ndinadina. Inadzuka bwinobwino, nambala yatsopano ili apo. Tinayesanso ndi akaunti ya Namaliya, yakana.

A Saulosi anakhala pa katoni ya magolovesi. Anafunsa ngati chaka chatha linalinso batani lomweli. Steven pa foni anati zikuoneka choncho, amene anaikonza anasiya ntchito ndipo sanalembe kanthu. A Saulosi anangoti, "Milungu itatu." Kabatireko akuti nkofanana ndi ka wotchi, Lolemba ndikafunsa kwa a Zakeyo okonza mawotchi pa Golomoti.

Onse atapita ndinatsala kufufuza mbiri ya olowa mu seva, miyezi yonse ija. Sindinapeze chachilendo. Koma Steven wandiuza mosabisa kuti munthu akakhala mwini seva amatha kufufuta mapazi ake. Ndiye bowo latsekeka, koma ngati wina anadutsapo kale, palibe angadziwe.

Lamulungu, 20 Malichi

Potuluka m'tchalitchi achemwali anandidikirira panjira. Anafunsa chomwe ndinawalakwira kapena anandilakwira, poti Lachisanu ndinkayang'ana khoma. Ndinafuna kunamizira mutu. Ndinalephera. Ndinawauza zonse, bowo, kupusa kwanga kwa Lachiwiri, ndi kuti zomwe ndinalumbira zija sizinali zoona kuyambira tsiku loyamba.

Titafika pa njanji, achemwali anafunsa.

"Ndiye wina anaona, kapena sanaone?"

"Sindikudziwa, achemwali. Ndipo sindidzadziwa."

Ndimayembekeza kuti akalipa. Anangoti atopa. Atopa ndi kuwerenga nkhope za anthu m'kwaya, atopa ndi kubisa botolo la mankhwala m'thumba la mpunga. Anati ngati nkhaniyi ili yoti imveke, amayi asaimvere kumjigo.

Sanakhotere kwawo. Tabwera kwa amayi, tawapeza akusadzula masamba a maungu. Achemwali anawagwira dzanja nkulowa nawo m'nyumba, ine anandiuza kuti ndikhale pakhonde, wina asalowe.

Ndili pakhondepo, kope lili pamwendo. Nkhuku zikudya masamba aja, ndazisiya. Kwa nthawi ndithu ndimangomva mawu a achemwali okha, otsika. Tsopano ndamva amayi, sakukalipa.

"Zaka zinayi, mwana wanga? Wekhawekha?"