Akulu anu anasochera m'bango

Alamu anga,

Landirani moni wochokera kuno ku Chiromo. Ana ali bwino, koma akulu anu mutu sukuwaleka kuyambira pamene mtolo wa thonje unawagwera pa sitima paja, kenaka n'kumenyetsanso mutu pa bwato. Dzuwa likawala pamadzi amachita chizungulire.

Lachiwiri anapita kukaonjola miono, osabwerako. Asodzi anzawo anawapeza atangokhala m'bwato pakati pa bango, pomwe akhala akupha nsomba chiyambire ubwana. Atafika pakhomo anati, "Amake Tereza, madzi onse anangofanana. Njira ya kwathu sindinaidziwe." Analira ana akuona.

Nkhafi yawo yopalasira bwato ndaibisa, ndiye sakundilankhula. Chonde bwerani madzi asanasefukire, mwina inu adzakumverani.

Mulungu akusungeni ku Beirako.

Ndine mlamu wanu,
Esinala