Chithunzi chanu m'manja mwa agogo

Kande, Lolemba, mwezi wa Sepitembala

Okondedwa achimwene a Yakobe,

Landirani moni wochokera kwa ife tonse. Kuno tili bwino, koma agogo aamuna sadzukanso okha. Ndimawatembenuza katatu pa tsiku ndi kuwamwetsa phala.

Dzulo titaweruka kutchalitchi, akulu a mpingo anayi ndi amayi asanu ndi awiri anabwera kudzathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo. Akuluwo anawerengera kuti agogo akwanitsa zaka zana, popeza amishoni pofika ku Bandawe anawapeza ali kale ndi ana awiri. Agogowo tinawakhazika pakhonde titawaveka jekete lija munasiya, ndipo anaimba nawo nyimbo ziwiri.

Kenaka agogo anafunsa kuti, "Yakobe wakhala pati?"

Ndinawapatsa chithunzi chimene munatumiza kuchokera ku Joni. Achimwene, kodi mwaiwala kuti agogo saonanso? Ndinakulemberani kawiri za zimenezi. Anachisisita ndi zala zawo zija zimene zinkaluka makoka, anachitembenuza, nati, "Mwana ameneyu alibe mphuno?" Anthu anaseka, ine sindinaseke. Anandibwezera chithunzicho, napempha kuti tiwalowetse m'nyumba mapemphero asanathe.

Sindikupempha bulangete kapena ndalama. Pemphani tchuthi kwa bwana wanu, mubwere mvula isanagwe kuti adzakugwireni kumaso. Mulungu akusungeni kumgodiko ndi panjira pomwe.

Pokwera sitima munawalonjeza kuti mukhala zaka ziwiri zokha. Mwezi uno zakwana khumi ndi chimodzi. Ngongole yanu kwa agogo ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Ine mlongo wanu,
Eneresi