Kakompyuta Kopanda Wotchi

Lachisanu, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko. Uthenga wanu ndinaulandira, wa mawu atatu patatha miyezi iwiri: "Thadzi ali bwanji?" Miyendo ya amayi simunaifunse, bambo simunawafunse, mwafunsa makina anu oswetsa mazira. Chabwino, ndikuyankhani za makinawo. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, pomwe pepala silidziwa kunena kuti "iwe sungamvetse."

Pa 20 Julaye tinaika mazira 480, ulendo woyamba kuika inu kulibe. Azimayi oweta nkhuku amene amagula kwathu aja anali atasesa kale makola awo kudikira anapiye. Bambo atadina batani loyambitsa kuwerenga masiku ananena mawu awa: "Mazira awa akalephereka, Thadzi ndimupasula, akhale kabati ya mbale." Mukuwadziwa bambo, sanena kawiri. Ndipo mukudziwanso kuti Thadzi akapasulidwa, pakhomo pano ntchito yatha.

Ndikukumbutseni mmene munachokera, pakuti inu mumaiwala msanga. Munaima pakhomo la shedi, chikwama kumsana, n'kuloza kakompyuta kaja kokhala ngati kabokosi ka machesi, kamene kamalamula hita, fani ndi mota yopendeketsa mathireyi. Munati, "Aliyense asakagwire aka. Makamaka uyu." Makamaka uyu! Ine amene ndinakugwirirani mawaya zaka ziwiri inu mukuwotcherera, chipsera chili pachala mpaka lero. Kenako munasintha pasiwedi, kiyibodi n'kuponya m'chikwama.

Tsiku la 11 magetsi anathima m'mawa. Batire linagwira mpaka masana, kenako linafa. Cha m'ma 2 koloko magetsi anabwera. Wailesi m'nyumba inayamba kulankhula, firiji inang'ung'udza, koma Thadzi zii. Kanyali kofiira ka pakakompyuta kanayaka ndithu, kusonyeza kuti moyo ulimo, koma fani osazungulira, hita osatentha. Choyezera kutentha chagalasi chija chinali chitatsika kuchoka pa 37 ndi theka kufika pa 31.

Amayi sanadikire msonkhano. Anawiritsa madzi, kuthira m'mabotolo, kukulunga m'mataulo, n'kusanja pansi pa mathireyi. Bambo anathamangira a Pulayazi, amagetsi a kuseri kwa msika aja. A Pulayaziwo anabwera, anasuzumira, n'kugogoda kakompyuta ndi sikuludiraiva ngati akugula chivwende.

"Vuto ndi kabisiketi aka," anatero. "Tidule apa, hita tilumikize kusoketi, nkhani yatha."

"Nanga ikatentha kwambiri azithimitsa ndani?" ndinafunsa.

"Iwe mwana, ine ndinayamba kugwira magetsi iwe usanabadwe."

"N'chifukwa chake mipopi ya mumzere uno imagwira shoko? Bambo, mukawalola awa, pofika madzulo tikhala ndi mazira owiritsa 480. Kungotsala mchere."

"Pakamwa pakopo!" anakalipa bambo. Koma ndinaona kuti za mazira owiritsazo zawalowa. Anayang'ana a Pulayazi, anayang'ana ine, n'kuti, "Ndakupatsa mpaka dzuwa kulowa. Likalowa, awa adula."

Ndinazula memori khadi m'kakompyutamo n'kuthamanga nayo kwa mnzanga wa pafotokope. Pakompyuta yake ndinatsegula kafayilo kamene kakompyuta kanu kamawerenga koyamba kakamadzuka, n'kuwonjezeramo mawu ochepa oti kandilowetse osafunsa pasiwedi. Munandionetsa nokha zimenezi chaka chatha, tsiku limene munaiwala pasiwedi yanu yomwe, kungoti munkaganiza kuti ndikuyang'ana padenga. Ndinabwereka kiyibodi, ndipo TV ya pabalaza ndinaisenza mpaka kushedi, bambo akunditsatira pambuyo akuti, "Ukaswa imeneyo usabwererenso m'nyumba."

Nditalowa ndinaika pasiwedi yatsopano, n'kuyamba kufufuza. Pulogalamu yanu inalimo, yonse bwinobwino, koma yongogona. Ndiye ndinakumbukira kuti Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kakompyutako, imasunga mndandanda wa malamulo onse amene munthu analembapo. Ndinautsegula. Achimwene, mzere umodzi womwewo, woyambitsa pulogalamu, munaulemba koposa ka 60! Apo m'pamene maso anga anatseguka. Nthawi zonse zija magetsi akabwera inu n'kudzambatuka mukuti "ndikaoneko kaye kushedi," munkapita kukadzutsa Thadzi ndi manja. Makina odziyendetsa okha amene bambo ankanyadira kwa alendo, injini yake inali miyendo yanu. Ndipo munakwera basi osauza munthu.

Ndinalemba mzerewo. Kaswichi kanalira kuti tha! Fani inayamba, hita inafiira, mathireyi anapendekeka pang'onopang'ono. Dzuwa linali lisanafike padenga la aneba. A Pulayazi anati, "Inetu ndimadziwa kuti n'zimenezo," n'kunyamula chikwama chawo. Ndinawatsegulira geti.

M'mawa mwake ndinatsimikiza mtima kuti Thadzi asadzadalirenso miyendo ya munthu. Ndinawerenga pafoni mpaka maso kuwawa, n'kulemba kafayilo kouza kakompyuta kuti kakangodzuka, kaziyambitsa pulogalamu kokha. Ndinathimitsa, kuyatsanso: palibe. Ndinayang'ana m'kaundula wa zolakwika, kakuti palibe chilolezo. Zinapezeka kuti dzina limene ndinayendetsera pulogalamuyo silinali m'gulu la ololedwa kugwira timano tachitsulo tija tolumikizapo mawaya. Ndinaliwonjezera m'gululo. Kachiwiri pulogalamu inadzuka koma inagwa pomwepo, chifukwa inkathamangira kufunsa kachipangizo koyeza kutentha kasanakonzeke. Ndinaiuza kuti izidikira pang'ono, ndipo ikagwa izidzukanso. Kachitatu zinatheka.

Ndinaitana bambo. Ndinazula pulagi ndi waya wa batire pamaso pawo n'kubwezeretsa, katatu, ndipo katatu konseko Thadzi anadzuka yekha. Madzulo ndinamva bambo akuuza aneba pampanda kuti, "Wamkaziyutu ndiye woopsa." Mutu unandikulira ngati dengu. Ndikanakonda kalatayi ikanathera pamenepa.

Mukudziwa zimene zimachitika tsiku la 18: mathireyi amasiya kupendekeka, chinyezi chimakwera kuti zikamba zifewe, ndipo kanyali kobiriwira kamayaka kuuza bambo kuti asamutsire mazira m'madengu oswera. Bambo sanawerengepo masiku, amangodikira kanyaliko. Lachisanu pa 7 amayi anandipeza ndikuchapa.

"Mwanawe, lero si la 18? Inetu ndakhala ndikuchonga pakalendala ya kukhitchini."

"Amayi, kalendala yanuyo yadzaza mafuta. Kompyuta siphonya tsiku."

Loweruka anafunsanso. Zimene ndinawayankha sindilemba pano, pepala lingapse.

Lamlungu m'mawa ndikusesa pafupi ndi shedi ndinamva kulira kwa mwanapiye. Ndinaponya tsache pansi. Ndinatsegula chitseko: mathireyi ali chipendekere, mota ikugwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo anapiye atatu amene anaswa msanga anali atagwa pansi pafupi ndi fani. Awiri anali atafa kale. Ndinalumikiza TV, n'kufunsa kakompyuta funso limene ndikanafunsa sabata yathunthu m'mbuyomo: kodi lero ndi liti? Kanayankha kuti Januwale 1970. Chaka chimene bambo ankayenda opanda kabudula!

Kakompyuta aka kalibe wotchi yakeyake. Kakathima kamaiwala tsiku, ndipo kakadzuka kamafunsa nthawi pa intaneti. Intaneti yokha imene kankaidziwa ndi ya foni yanu, imene ili m'thumba lanu kumeneko. Malinga ndi kuwerenga kwake, mazira athu anali asanaikiridwe n'komwe, ngakhale agogo a nkhuku zake anali asanabadwe. Tsiku la 18 kakanalidikira zaka makumi asanu.

Ndinalemba deti ndi manja. Pomwepo mota inaima, kanyali kobiriwira kanayaka, mochedwa ndi masiku awiri. Tinasamutsa mazira atatu tonse, ine, amayi ndi bambo. Amayi anayala mataulo onyowa kuti chinyezi chikwere msanga.

Anapiye anaswa 291. Inu munkapeza 400 kapena kuposerapo. Otsalawo ndinakawaswa ndekha kuseri kwa shedi, limodzilimodzi, chifukwa ndinkafuna kudziwa. Ena anali opanda kanthu, zimenezo n'za tambala. Ena anafa ali aang'ono, tsiku lothima magetsi lija. Koma 94 anali anapiye athunthu, nthenga ndi milomo zonse, atauma n'kukanirira ku chikamba, ena ataboola kale kabowo. Amenewo, achimwene, ndi anga. Inu munasiya kakompyuta kopanda wotchi, zoona, koma wotchi inalipo kukhitchini, inabwera kudzandiuza kawiri, ine n'kuinyoza.

Bambo mlandu wonse anaukankhira kwa inu. Anati munawasiyira msampha, anati dzina lanu lisamveke patebulo. Ine ndinakhala chete masiku atatu, ndipo sindikunamizani, zinkandikomera. Ndinkati mulaweko nanunso kunenedwa muli kutali osatha kudziyankhira. Amayi ankangondiyang'ana potola mbale. Diso limenelo ndi limene linandidwalitsa. Ndikanakhala ine m'malo mwawo, bwenzi nditaulula tsiku loyamba, ndi ndemanga pamwamba.

Lachitatu masana ndinapeza bambo kushedi atagwada, sikuludiraiva m'manja, atamasula kale thireyi yoyamba.

"Bambo, dikirani kaye. Amayi anandiuza kuti masiku akwana. Kawiri. Ine ndinawatsutsa osayang'ana n'komwe."

Anakhala chigwadire, osatembenuka. "Ndiye wolakwa ndani, iwe kapena mchimwene wako?"

"Tonse. Koma anapiye akuluakulu aja ndapha ndine."

"Ndipo masiku atatu onsewa unali kuti, ine ndikutukwana mwana wanga?"

"Ndinalipo. Ndinkamvetsera."

Anadzuka pamene anagwada paja. Kenako anafunsa, "Ungakonze kuti zisadzachitikenso?"

"Ndingakonze."

Anandipatsa sikuludiraiva ija. "Bwezera thireyi imeneyi. Mazira ena afika Lolemba. Ukadzalakwitsanso, udzandiuze tsiku lomwelo, osati lachitatu lake."

Kwa amayi ndinapita ndekha. Kupepesa kumandivuta ngati kumeza mwala, mukudziwa, koma ndinagwada ndithu. Iwo anangoti, "Dzuka, nanga kalendala yamafutayo uisamutsa liti?" Pano yapachikidwa pachitseko cha Thadzi, ndipo wochonga masiku ndi iwowo. Kompyuta ikadzatsutsana nawo, tizidzafunsa kompyutayo kuti yatani.

Tsono mverani zimene ndachita ndi zimene ndikufuna. Kakompyuta ndakaphunzitsa foni yanga kuti kazipezapo nthawi. Ndasinthanso pulogalamu yanu, musakomoke, kuti ikaona deti yobwerera m'mbuyo iziliza belu mpaka munthu abwere. Memori khadi ndaikopera ina, ili m'kabotolo m'dirowa ya amayi. Zonse ndazilemba m'kope, m'Chichewa, kuti aliyense pakhomo pano atha kutsatira ine nditachoka. Koma foni yanga imayenda nane, ndipo netiweki ya kuno mukuidziwa. Pakufunika kawotchi kaja kolumikiza kutimano, kokhala ndi kabatire konga batani la malaya, kamene kamasunga nthawi ngakhale magetsi atathima. Kuno ndazungulira mashopu onse a zamagetsi, ena akundionetsa mawotchi a pamkono. Tumizani tiwiri. Mazira tikuika pa 17, ndiye tsiku la 18 likhala pa 4 Seputembala. Tifike lisanakwane tsiku limenelo. Tikachedwa ndidzakhala pashedipo ndekha ndi kalendala, koma mwanapiye sagweranso pa fani.

Chachiwiri, khalani pansi mulembe china chilichonse chimene munkachita ndi manja osatiuza. Chilichonse, ngakhale kamene mukukaona ngati kachabe. Musachite manyazi. Kubisa kwanu ndi kudzikuza kwanga kwadya kale anapiye okwanira.

Amayi akupereka moni. Miyendo ikutupabe madzulo, koma akuti musadandaule. Akufunsa ngati munapeza jekete yokhuthala, ndiponso ngati mukudya nthawi yake, pakuti pachithunzi chija masaya alowa. Azimayi oweta nkhuku aja tinawagawira anapiye amene analipo, ena apsa mtima, ena avomera kudikira.

Bambo sanati ndipereke moni. Koma dzulo anandipatsa chikuto cha kope n'kuti ndilembepo nambala yanu ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa za pafoni sakuziona bwino. Anachipinda n'kuika m'thumba la malaya. Sayamba ndi iwo kuimba, mukuwadziwa, ndipo mawu amene anakunenani akuwalemera ngakhale inu simunawamve. Imbani inu, Lamlungu masana, akakhala pakhonde. Ndinachedwa masiku atatu kukubwezerani bambo anu, musawonjezere ena.

Za ine, kukukhululukirani sikunafike, ndipo musandifunse pafoni. Koma mpando wanu wa kushedi sindinautulutse. Ndimangoupukuta fumbi, ine n'kukhala pandowa.

Ndine mlongo wanu.