Matiresi a Apongozi

Lachiwiri, 4 Juni
Chifunga tsiku lonse kuno ku Tukuyu. Apongozi aamuna adzatuluka m'chipatala Loweruka likubwerali. Namwino anandiitanira pambali: chilonda chayamba pachiuno, matiresi akale aja asagonerenso. "Olimba kwambiri awasupula khungu, ofewa kwambiri awameza. Munthu agonepo kaye musanagule." Agonepo ndani? Iwo sadzuka. Mwamuna wanga Gwakisa akadali pamzere wa malole kumalire a Congo. Zagwera ine. Ine amene zaka makumi awiri ndi zitatu sindinawayang'anepo kumaso, sindinatchulepo dzina lawo, ngakhale m'buku lino.

Lachitatu, 5 Juni
Ku Mbeya pa basi. Sitolo zinayi. Ndakanikiza ndi chibakera monga amachitira onse. Ena amabwerera msanga, ena dzenje limatsala. Ndanyamula ngodya, akuti olemera ndiwo amakhalitsa. Koma chibakera si chiuno cha nkhalamba. Ndabwerera chimanjamanja, ya basi yapita pachabe.
M'njira ndimakumbuka chaka chimene ndinakwatiwa. Tikati tikumane, apongozi ankatsokomola dala akadali patali, kuti ndipeze mpata wopatukira m'nthochi. Ulemu wawo unali umenewo.

Lachinayi, 6 Juni
Ndafunsa mlongo wawo, azakhali a Tumpale, ngati ndingayese ndekha. Anaika kapu pansi. "Mtengwa kugona pogona apongozi ake? Sukulu yakupweteka iwe." Okha sangapite, mawondo sakwera basi.

Lachisanu, 7 Juni
Mbeya kachiwiri. Mayi Sekela wa sitolo yapangodya anandiseka. "Mwabweranso aphunzitsi? Mwawakanda mokwanira, si ufa wa mandazi." Ndinawauza zonse. Anatseka katani pakhomo. "Musanalipire ndi anga, si a apongozi anu. Vulani nsapato."
Ndinagona. Chagada, dzanja pansi pa msana: likalowa mosavuta, alimba, likakanika kulowa, afewa. Cham'mbali, phewa ndi chiuno zimire pang'ono, osagunda pansi. Mphindi khumi pa alionse. Ndinakhalanso m'mphepete kuona ngati sapindika. Ndasankha ofewerapo kuposa amene thupi langa linakonda. Ine ndine wonenepa, iwo atsala mafupa okhaokha.
Ndinapempha ena ofanana nawo ochokera mkati. Palibe. Atsala omwewo amene ndagonapo. Pulasitiki ikang'ambidwa sabwezanso.
Ndagula.

Loweruka, 8 Juni
Apongozi afika kuchokera kuchipatala. Ndinali kukhitchini pamene amawalowetsa. Sindinauze munthu kuti ndinagonapo pa matiresiwo.

Lolemba, 10 Juni
Masiku awiri osamva kanthu. Ndimafunsa chilonda, azakhali amangoti chilipo.
Lero m'mawa ndikusesa pansi pa zenera la apongozi, ndinawamva akuyankhula ndi azakhali, mokweza kuposa mmene amayankhulira. "Mlongo, zaka zonse ndinagula ng'ombe ndi maso, koma pogona sasankha ndi maso. Wasankha apa anayamba wagonapo."
Tsache linaima lokha. Azakhali anayamba kuti, "Ndiye kuti mtengwa uja…"
"Ndati ndagona mpaka kucha, koyamba chichokereni Isitala. Sindinafunse dzina la munthu. Nditembenuze, dzuwa lindiwombe kumsana."
Ndinamaliza kusesa. Malo amodzi omwewo, katatu.