Dzina Limodzi pa Tebulo 4

HEDLEY NDI CLIVE

Lachiwiri, 3 Marichi

Hedley 11:20
ndili ku shopu ya tiasilikali ku York. Royston wa ku kalabu uja ali pa kauntala, akuuza wogulitsa kuti wapenta asilikali a mbali ya Lancaster 400 m'masabata asanu. yekha. ndi maso omwe aja amene dayisi ikagwa pa 1 amaona 6

Hedley 11:22
akuti ndi iyeyo atsogolere mbali ya Lancaster ngati mkulu wawo Somerset, tikamasewera nkhondo yakale ya Towton ku kalabu, Lamlungu la Kanjedza. wogulitsa wangoti oho. ine ndabisala kuseri kwa shelefu ya penti

Hedley 11:31
nde zathu. a York anga ndamaliza. a Lancaster ako akale aja ndi a 15mm, pomwe kalabu yonse pano ili pa 28. atayima ndi anga angawalekeze m'chiuno. ndikusankhire atsopano?

Hedley 11:34
a pulasitiki ndi otchipa, anthu 40 m'bokosi, koma mitu ndi manja umamata wekha. a chitsulo ndi odula koma ukanyamula umamva kuti wanyamula munthu

Hedley 11:58
Clive

Hedley 12:40
ndatenga mabokosi atatu a pulasitiki ndi mabwana a chitsulo 6. ukadana nazo unene

Lachinayi, 5 Marichi

Clive 08:14
👍

Hedley 08:16
chalachi chikuvomera pulasitiki kapena chikungondiuza kuti uli moyo

Hedley 19:05
ndili pa tebulo 4. Glenys wabwera ndi buku lake la matebulo. akuti lamulo silinasinthe, tebulo ndi la mayina awiri. chisamukire iwe ku Whitby ndakhalapo ndekha miyezi isanu. pakapanda dzina lachiwiri pofika pa 31, 5 koloko, alipereka kwa aja osewera zombo za m'mlengalenga

Hedley 19:07
zaka 19 pa tebulo limeneli aise

Hedley 20:25
ndasewera mbali zonse ziwiri ndekha. ndaluza

Lamlungu, 8 Marichi

Hedley 10:12
funso la malaya a Lancaster ako atsopanowa. a Somerset, buluu ndi zoyera, kapena a Percy, zofiira ndi zakuda?

Hedley 10:13
ndikudziwa umakonda Percy cz amafa msanga iwe n'kupeza mpata wokagula mowa

Hedley 10:30
ndikumata oponya mivi awiri pa wachikwanje mmodzi aliyense. ndi mmene umakondera, ngakhale theka la nthawi umaiwala kuwaponyetsa

Hedley 16:48
Percy basi. ndasankha ndekha

Lachisanu, 13 Marichi

Hedley 14:02
[chithunzi]
60 atheka. wachitatu kuchokera kumanzereyo ndamuvula chipewa, ndamupatsa dazi ndi kamimba. sindikutchula dzina la munthu

Hedley 14:40
basi ya ku Whitby ndaiona. ukhoza kumabwera ngakhale kawiri pa mwezi. Glenys amangofuna dzina, sawerenga nkhope

Hedley 17:15
Norfolk wa mbali ya York nayenso ku Towton anafika mochedwa anzake atatopa kale. koma anafika

Lachitatu, 18 Marichi

Clive 12:51
Hedley sorry aise. zinthu zachuluka. Lachinayi ndimakatenga adzukulu a Pauline wanga kusukulu kenako kusambira. asilikali akale aja ndinagulitsa mu Novembala, ndinkangosowa poyambira kukuuza. usamandidikire pls

Hedley 13:30
ok

Hedley 13:44
ndi Somerset wothyoka mphuno uja yemwe?

Loweruka, 21 Marichi

Hedley 15:09
ndawamalizabe. 126. munthu sungasiye anthu opanda nkhope. ali m'bokosi pamwamba pa wadirobu

HEDLEY NDI ROYSTON

Lachiwiri, 24 Marichi

Royston 09:02
🎤 uthenga wa mawu (3:47)

Hedley 09:31
ndamvera a Royston. mphindi zitatu zoyambazo ndi mbiri ya ntchito zanu mu komiti. kumapetoko ndamva mawu oti vanishi, kenako chinachake chalira. ndi galu kapena ndinu?

Royston 09:33
A Hedley, nkhaniyi ikhale ya anthu awiri.
[chithunzi]

Hedley 09:35
awa ndi asilikali kapena mwagwetsa thumba la fulawa

Royston 09:36
Ndinawapopera vanishi wa m'chitini Loweruka, mu garaja.

Hedley 09:38
Loweruka kunali nkhungu mpaka masana. vanishi wopopera pa chinyezi ndi kuzizira amayera mbuu. izi amadziwa ngakhale munthu amene wangogula burashi dzulo

Royston 09:39
Ndinkadziwa. Ndinkafulumira.

Hedley 09:52
ndawawerenga pa chithunzipo. ndi 400 ndithu. ndikupepeseni, mumtima ndinkati ndi 90

Hedley 09:53
ku Towton chipale chofewa, choyera mbuu, chinkawomba a Lancaster kumaso. mukhoza kuuza anthu kuti mwachitira dala

Royston 09:55
Musaseke akulu. Lamlungu kukubwera anthu ochokera ku Leeds. Ndinawauza kale. Ndinauza aliyense. Amakonzeka?

Hedley 10:01
amakonzeka. vanishi wonyezimira, wa burashi, mmodzimmodzi. aume, kenako wosanyezimira pamwamba. anthu awiri tikhoza kupulumutsa 200 pofika Loweruka

Royston 10:02
Pakufunika 320. Apo ayi mbali imodzi ya mzere wanga ikhala udzu wokhawokha.

Royston 10:40
A Hedley?

Hedley 14:10
ndili ndi a Percy 126. sanaponyepo muvi

Royston 14:11
Inu si wa York? Ndi a ndani?

Hedley 14:15
a munthu wina. anasiya

Royston 14:16
Mwandipulumutsa. Nenani mtengo.

Hedley 14:20
sakugulitsidwa, ndingokubwerekani. chomwe ndikufuna ndi dzina lanu m'buku la Glenys. tebulo 4, Lachinayi lililonse. pofika pa 31

Royston 14:37
Aa. Mukudziwa Lachinayi ndimakhala pa tebulo lalikulu. Anthu amandidalira pa malamulo. Koma chabwino, tiona mmene tingachitire.

Hedley 14:39
4 koloko kwathu. mubwere ndi maburashi anu, anga sagwiridwa

Loweruka, 28 Marichi

Royston 18:02
203! Ndafika bwino, palibe wathyoka. Zikomo chifukwa cha pie ya nkhumba ija, masiku anayi onse.

Hedley 18:06
inali imodzi yomweyo. mwaiwala magalasi pa sinki

Royston 18:09
Kwanu kuli zii. Ndinazindikira mutapita kukaphika tiyi.

Royston 18:14
Kwanga n'chimodzimodzi. Chimwalirire mayi anga ndimatsegula wailesi m'zipinda ziwiri.

Hedley 18:50
a Percy musamawagwire pa mauta. nyamulirani pansi

HEDLEY NDI CLIVE

Lamlungu, 29 Marichi

Hedley 14:20
anthu ako amenya nkhondo lero. awatsogolera ndi Royston. naye anaiwala kuponya mivi

Hedley 14:22
Percy wafa 2 koloko. ndakagula mowa m'malo mwako

HEDLEY NDI ROYSTON

Lolemba, 30 Marichi

Hedley 09:45
za buku zija ndi mawa

Hedley 16:30
dzulo ndinakumvani mukuuza a ku Leeds kuti chofiira cha Percy ndi chinsinsi chanu. palibe kanthu. chinsinsicho ndi kupaka katatu

Hedley 18:12
magalasi anu akadali pa sinki

GULU LA KALABU, SELBY (anthu 23)

Lachiwiri, 31 Marichi

Glenys 15:30
zikomo nonse za Lamlungu. amene anasiya makapu osatsuka mu holo akudzidziwa. a ku Leeds atumiza uthenga, akufuna a Royston akawaphunzitse kapentedwe ka a Percy aja

Glenys 15:32
china. tebulo 4 likadali ndi dzina limodzi, a Hedley. 5 koloko ndikulilemba kwa a zombo. si kufuna kwanga, ali 6 pa tebulo limodzi

Hedley 16:05
palibe vuto Glenys. Lachinayi ndibwera kudzachotsa bokosi la mitengo ndi timapiri lili pansi pakepo

Royston 16:41
🎤 uthenga wa mawu (4:12)

Glenys 16:43
a Royston ndili m'basi, lembani. kwatsala mphindi 17

Royston 16:52
Chabwino. A Percy aja anapenta ndi a Hedley, onse 126, ine ndinangobwereka. Anga ndinawaononga ndekha ndi vanishi mu garaja. Amene munawaona Lamlungu tinawapulumutsa pa tebulo la kukhitchini kwawo, ndipo ambiri ndi dzanja lawo. A ku Leeds afunse iwowo. Tinapangana kuti ndibweza ndi dzina langa. Lembani Royston Illingworth, tebulo 4, Lachinayi lililonse.

Glenys 16:54
nanga tebulo lalikulu

Royston 16:55
Livutika. Koma lipirira.

Glenys 16:58
ndalemba. ndi cholembera chosafufutika, anthu 21 aona

Hedley 17:20
7 koloko. pa tebulo 4 woluza ndi amene amaphika tiyi. ine ndimamwa wopanda shuga a Royston, yambiranitu kuloweza