Sekeretaryo Wamisozi

Lolemba, 6 Novembala 1978
Ku machamba a povo, munda wa mudzi wonse uja, lero kwabwera anthu owerengeka. Ndauza kamarada Germano, sekeretaryo wa mudzi wathu, kuti ojombawo tiwakhazike padzuwa. Akuti, "Julião, wawafunsa ngati adya dzulo?" Ine wachiwiri wake, ntchito yanga ikhale yoyendera mimba za anthu? Kaya anamusankha ndani munthu ameneyu.

Lachitatu, 8 Novembala
Amilisiya agwira Deolinda, mayi wamasiye uja, akuchokera ku Malawi wopanda giya, kalata yachilolezo cha ulendo. Akuti anathamangira kuchipatala ndi mwana. Lamulo aliyense akulidziwa. Koma Germano wakhala naye pansi, padothi penipeni, wagwira mwanayo pamphumi, ndiye akuti, "Mayi, kapumeni. Giya ndilemba ndine." Giya yolembera munthu atabwerako kale! Misozi ili lengelenge, bambo wandevu zake. Ndinayang'ana kumbali, manyazi anagwira ine.

Lachinayi, 9 Novembala
Mkazi wanga Rita akuti Germano ndi munthu. Ndati inde, nkhukunso ndi nkhuku.

Loweruka, 11 Novembala
Ndapalasa njinga kuchokera kuno ku Majaua mpaka ku Milange. Ndawauza akuluakulu zonse, za giya, za ojomba, za misozi. Bwana amene amandimverayo sanandiyang'ane n'komwe, amangosenda bango lake. Utsogoleri ndi umenewo. 

Lachiwiri, 14 Novembala
Akuluakulu aja abwera pa jipi. Msonkhano pansi pa mkuyu. Amuimika Germano kuti adzitsutse pamaso pa anthu, iye wangoti, "Tsiku la pagiya ndinanama. Mwanayo ali moyo." Basi. Ngakhale kudzitsutsa sakutha.

Amuchotsa. Sekeretaryo tsopano ndine. Anthu anaomba m'manja mlendo wapajipiyo atachita kukuwa viva kachiwiri, koma anthu akuno ndi ogona kale.

Pobalalika Germano wandinong'oneza kuti a Gregório, achikulire a kumtsinje aja, miyendo yawatupa ndipo akupuma movutika, ndisawatume ku machamba. Amuvula udindo, iye akadali namwino!

Lachisanu, 17 Novembala
Onse ku machamba, a Gregório omwe. Ukasiya mmodzi mawa onse miyendo yatupa. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwanawe, ndinakunyamula pa ubatizo." Ndawauza kuti kuno kulibe mwana, kuli kamarada. Mizere yatuluka yambiri kuposa mwezi wonse wa Germano.

Dzuwa lili paliwombo a Gregório anagwa chafufumimba. Ndinayesa masewera. Germano anataya khasu, anawabereka kumsana mpaka kwawo, osapempha n'chilolezo chomwe.

Loweruka, 18 Novembala
Amwalira m'mawa. Anali okalamba kale, aliyense akudziwa. Rita wandiikira chakudya n'kutuluka panja.

Lamulungu, 19 Novembala
Maliro. Mudzi wonse, ena ochokera kutsidya, opanda giya ndithu, ndawaona. Germano anali m'manda akukumba ndi adzukulu, matope mpaka m'khosi. Ana a malemu chilichonse amakafunsa iye, ine ndili pampando pomwepo.

Katekisita atamaliza pemphero ndinaimirira kuti ndiyankhule monga sekeretaryo. Ndinangoti, "Makamarada," Deolinda anayambitsa nyimbo. Amayi onse anayankha, Rita yemwe. Ndinaima chomwecho, chipewa m'manja, kudikira kuti ithe.

Itatha anayamba ina.