Nyimbo Yanu Yalembedwa Dzina la Lazaro

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno kwa Zingalume tilipo. Ndinachira mwana wamkazi mvula ili pakati, ali ndi mphumi yanu yeniyeni. Mtedza wabereka, koma chimanga cha kumunda wa kuphiri anyani atigawana nacho. Denga la nyumba yanu linagwa, ndipo palibe amene walimba mtima kuchotsa mitengoyo.

Koma chandigwiritsa pensulo ndi Lazaro, mwana wanu wotsiriza. Tsopano ndi mkonzi wa kanyuzipepala ka Chinyanja ku Fort Jameson. Ndiye amasankha zoti zisindikizidwe, ndipo amaikamo ndakatulo zakezake. Zina n'zokoma, sindikana. Ya dzombe ija ndinaiwerenga katatu.

Mwezi watha aphunzitsi anabwera nayo nyuzipepalayo kutchalitchi, nawerengera anthu pabwalo titatuluka. Amayi, inali nyimbo yanu! Ija munkaimba pamtondo atate atatchona ku Walale, yowafunsa za bulangete limene analonjeza. M'munsi mwake alembamo kuti wopeka ndi Lazaro. Anthu anaomba m'manja. Ine makutu anangoti juu kutentha.

Kuba kokhako sikunamukwane, waisinthanso. Pamene inu munkatchula mkazi wa kukomboni amene anakulandani mwamuna, iye walemba za mkazi wofatsa wodikira mopirira. Inu kufatsa? Inu amene munkasinja mpaka mtondo kuyenda wokha? Paja munkati, "Ine ndikakwiya, ndi nkhuku zomwe zimve."

Lazaro atabwera kudzaona mwana ndinamufunsa pamaso pa atsibweni. Akuti nyimbo ya pamtondo ilibe mwini. Akuti mzungu woyang'anira sakanalola mawu aukali otere. Kenaka akuti dzina la munthu wosadziwa kulemba silikhala papepala. Wosadziwa kulemba! Nanga ndani ankasenza mtedza pamutu mpaka ku Chadiza kuti iye akhale pa benchi ya sukulu? Ndinaimirira, mwana ali kumsana, n'kumuimbira yonse ndi mawu anu enieni, osasiyako limodzi. Anazolika, misozi ili chuchuchu pa malaya ake oyera aja. Koma m'mawa anapalasa njinga osanena kuti akakonza.

Sindimuda, Amayi. Ndikudziwa kuti akuopa kuchotsedwa ntchito, ndiponso mwina anailemba chifukwa chokusowani. Koma ana a sukulu ayamba kuiloweza yabodzayo, ndipo amayi anzanu amene ankasinja nanu akutha mmodzimmodzi. Posachedwa sipadzakhala wotsutsa.

Tsono mverani. Tikangotha kukumba mtedza ndikwera lole ya ku Fort Jameson. Ndikakhala pakhomo pa ofesi yakeyo, ndipo ndikaimba tsiku lililonse, mzungu wakeyo akumva, kufikira atalemba m'munsimo kuti nyimboyi ndi ya Nabanda wa kwa Zingalume. Sindibwerako ndisanawerenge dzina lanulo ndi maso angawa.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Esinati